Mwendo wa Boti la a Lufeyo

Kalekale, komatu osati kale la makolo ovala nyanda lija ayi, kale la injini lomweli, pa doko lina lotchedwa Nsangalabwi panali bambo wina dzina lake Lufeyo. Doko limenelo lili kutsidya kwa nyanja, kuseri kwa mapiri, kumene msewu umafa mvula ikangogwa kawiri. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, aliyense wofuna chipatala chachikulu ankadalira chinthu chimodzi basi, boti la a Lufeyo.

Botilo silinali ngati awa mumawaonawa, a injini yopachika yoti munthu n'kuinyamula paphewa. Analigula kwa mzungu wina amene anatseka malo ake ogona alendo. Injini yake inali m'mimba mwa boti, ndipo kumbuyo kunatuluka chitsulo chachitali cholowa m'madzi, chokhala ndi pulopela yopalasa madzi kumapeto. A Lufeyo ankachitcha mwendo. "Injini ingalire bwanji," ankatero, "mwendo ukafa simupita kulikonse."

Chaka chilichonse mvula isanayambe, ankakokera boti pamtunda, kuligoneka pa zipika, n'kutha sabata yathunthu akusamala mwendowo. Ankapala ndere ndi tinkhono, ankatokosa ndi kawaya timabowo timene injini imamwera madzi odziziziritsira, ankasintha oyilo, kenako n'kupaka penti wakuda woletsa ndere kumera. Penti wofiira wa pansi pa boti sankalola kuti ayandikire mwendo. Ankati ali ndi kopa, ndipo kopa amadya chitsulo chopepuka cha mwendowo ngati chiswe. Ndiye pakati pa wofiira ndi wakuda ankasiya kampata ka chala chimodzi.

Panalinso kachitsulo kena kotuwa, kofewa, kukula kwake ngati sopo, komangidwa pamwendo ndi mabawuti awiri. Ankakatcha nsembe. Ankati madzi ali ndi njala, ndipo akapeza kofewako amadya iko n'kuuleka mwendo. Nsembe sipakidwa penti, chifukwa ukaipaka madzi saiona, amalunjika pamwendo. Ikadyeka theka ankaichotsa n'kuika ina, yakaleyo n'kuitunga pa waya pakhonde la shedi yawo. Zinalipo khumi ndi zisanu ndi zinayi, zobowokabowoka, ndipo mphepo ikawomba zinkalira kuti ngwe, ngwe, ngwe.

A Lufeyo ndi akazi awo a Nangondo anali ndi ana atatu, onse akuluakulu. Woyamba anali Gelesomu, wosalankhulalankhula, woopa Mulungu ndi akuluakulu mofanana, ndipo ndiye ankagwira chiwongolero bambo ake akatopa. Wachiwiri anali Ndaziona, mayi wa ana ake atatu, amene anatengera manja a bambo ake, moti sipanala ankaidziwa kuposa mthiko. Wotsiriza anali Yotamu, wolemba zikwangwani za magolosale, wansangala, malaya ake osasowa dontho la penti.

Chaka chimenecho, mu Novembala, a Lufeyo anakonzekera ntchito monga mwa nthawi zonse. Penti wakuda, bulashi ndi sandipepa anaika m'kabokosi ka m'boti. Chitini cha oyilo watsopano anachisunga m'shedi. Tsiku lina masana anamuitana Ndaziona padoko, anakweza mwendo pang'ono, anamasula sikuluwu yapamwamba n'kulowetsamo kaudzu. Kanatuluka koyera ngati tiyi wamkaka.

"Waona?" anatero. "Madzi alowa mu oyilo. Ndi oyilo uyu sitingafike n'pakati pomwe, magiya angadyane. Mawa tikoka boti."

Anatsitsanso mwendo m'madzi. Mawalo sanadzuke pamphasa, ndipo tsiku lachinayi anawaika m'manda.

Mlongo wamkulu wa a Lufeyo, a Nambewe, ndiye anali ndi mawu pa katundu wa malemu. Musawaganizire kuti anali nkhalamba yankhanza ayi. Anali ataika kale abale awo anayi, ndipo zimene ankaopa ankazidziwa. Anatseka shedi ndi loko, kiyi n'kumangirira m'khosi.

"Zonse za malemu zikhale mmene azisiyira," anatero, "mpaka tidzaphike mowa wa chikumbutso tikakolola. Wogwira msanga akuitana mwiniwake, ndipo mwiniwake akabwera sabwerera yekha."

Ndaziona anagwada. "Azakhali, mwendo uli m'madzi. Miyezi isanu ndi yambiri, madzi audya. Mutilole tingolikokera pamtunda."

"Mwana wanga, ukufuna chitsulo kapena amayi ako?"

Boti linatsala pomwepo, lomangidwa m'kakhwawa ka m'bango, mwendo uli m'madzi.

Mvula inagwa, msewu unafa. Ndaziona akamachapa padoko ankaona ndere zikumera m'mbali mwa boti ngati ndevu, ndipo mtima unkamupweteka ngati akuona bambo ake atasiyidwa osasamba. Ankadziwa kuti nsembe yomwe inali pamwendo inali itadyeka kale theka. Ikatha, madzi ayamba mwendo weniweniwo, ndipo wina sangapezeke m'dziko lonseli. Boti likafa, Nsangalabwi yense adzakhala wopanda njira.

Tsiku lina mu Januwale, dzuwa lili paliwombo, popanda ngakhale kamphepo kogwedeza tsamba, Ndaziona anadutsa pa shedi n'kumva ngwe, ngwe. Anaima. Wayayo anali phee. Atangotembenuka kuti azipita, anamvanso ngwe.

Lamulungu lotsatira anati mutu ukumupweteka. Anthu onse atapita kutchalitchi, anatenga sipanala ya njinga ya mwamuna wake, anasolola pa waya nsembe imene inali yosadyeka kwambiri, n'kulowa m'bango muja mmene ng'ona zimaothera dzuwa. Anamira. Nsembe ya pamwendo anaipeza itatsala ngati nyenyeswa, ndipo pachitsulo panali patayamba kutuluka timatuza toyera. Anamira kasanu ndi kawiri, kumasula, kupala malowo ndi mwala kuti chitsulo chikhudzane ndi chitsulo, n'kumanga. Pamene ankamanga bawuti yachiwiri, boti linapendekera kumbuyo pang'onopang'ono, monga limachitira munthu wolemera akaponda pamenepo kuti asuzumire m'madzi. Anavuuka msangamsanga n'kusuzumira. M'boti munalibe munthu.

Tsiku lomwelo amayi ake anaima pa shedi n'kuwerenga ndi chala nsembe za pa waya zija. Anawerenganso kachiwiri.

"Ndaziona, zatsala khumi ndi zisanu ndi zitatu. Bambo ako abwera kudzatenga chawo."

Ndaziona anangoyang'ana pansi. Akanena zoona, ndiye kuti waitana wakufa. Akakhala chete, amayi ake azikhala ndi mantha a chinthu choti wachita ndi iye. Anasankha kukhala chete, ndipo kuyambira tsiku limenelo chakudya chinasiya kumukomera.

Koma mverani zimene zinachitika mu Febuluwale. Mudzi wonse unapita kumaliro kuseri kwa phiri masiku atatu, Ndaziona nayenso anapita. Atabwerako, amayi ochapa anayamba kunong'onezana kuti padoko pakumveka fungo la penti. Lamulungu lake Ndaziona anamiranso kuti akaone nsembe ija. Anatambasula dzanja kuti agwire ndere, koma dzanja linatsetsereka pa chitsulo chosalala. Anatsegula maso m'madzimo. Abale inu! Mwendo wonse unali wakuda bii, wopakidwa kumene. Timabowo tamadzi tinali totokosedwa bwinobwino. Nsembe inali yosapakidwa, ndipo pakati pa penti wofiira ndi wakuda panali kampata ka chala chimodzi.

Mmene anatulukira m'madzimo sakumbuka mpaka lero. Anakakhala pansi m'bango. Anadziuza kuti, "Ndawaitana ndine. Ndayamba ntchito yawo, ndiye abwera kudzaitsiriza." Ndipo mawu a azakhali ake anamubwerera: mwiniwake akabwera sabwerera yekha.

Amayi a m'mudzi anasamutsa pochapira. Asodzi ankalambalala kakhwawako ndi mabwato awo. Munthu mmodzi yekha ndiye ankabwerabe, Gelesomu. M'mawa uliwonse ankaima pamtunda, manja kumbuyo, kuyang'ana boti kwa kanthawi n'kubwerera.

Mu Malichi, tsiku lina m'mawa, a Nangondo anadzuka mimba itatupa ngati ng'oma, akusanza zobiriwira. Wazaumoyo wa pamudzipo atawagwira pamimba anapukusa mutu. "Matumbo apotana. Akapanda kuchitidwa opaleshoni lero lomwe, mawa tikumba manda." Mlatho wa pamsewu uja unali utakokoloka. Bwato lopalasa likadatenga tsiku lonse, ndiponso nyanja inali itayamba kukwiya.

Anawanyamula pachitseko mpaka padoko. Wina anathamanga kukabwereka batire yolizira injini kwa mwini nyumba ya vidiyo. Koma a Nangondo ataona boti anakakamira m'mphepete mwa chitseko.

"Ine m'menemo ayi. Mwiniwake alimo. Andikonzera yekha ulendo, mukufuna mundipereke m'manja mwake?"

A Nambewe anafika akupuma wefuwefu, ali ndi ufa m'kambale. "Mlamu, musaope. Boti ndingathe kulimasula lero. Koma wopepesa kwa malemu akhale mwana wawo amene sanagwirepo kanthu kawo. Akapepesa wogwira, ndiye kuti tawanyoza pamaso, ndipo nyanja iyi simuwoloka." Anatembenuka n'kutambasula kambale kaja. "Ndaziona, iwe ndiwe unali pamtima pawo. Gwada."

Ndaziona anayang'ana ufawo. Anayang'ana amayi ake, milomo yawo itauma gwa. Akadangolandira kambale, palibe akadadziwa. Koma nanga zikakhala zoona, boti n'kumira pakati chifukwa cha bodza lake?

"Azakhali, sindingathe. Nsembe ija anatenga pa waya si abambo ayi. Ndine. Ndinamira ndekha n'kukaimanga pamwendo."

Kenako kunamveka phokoso lachilendo, losadziwika ngati n'kuseka kapena kulira. Anali Yotamu, atagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Munali inu, achemwali? Mayo ine! Masiku a maliro a kuseri kwa phiri aja ine ndinatsala. Ndinkafuna kungopala ndere m'timabowo basi. Nditakweza mwendo ndi chingwe, ndinapeza nsembe ya pa waya ili pamenepo, mabawuti omangidwa bwinobwino. Ndinati abambo ayamba okha ntchito, andichititsa manyazi ine mwana wamoyo. Ndinapala, ndinapaka kawiri, ndikulira, ndikuwapepesa. Kuyambira pamenepo sindinadutsenso pano."

"Ndiye penti uja unali iwe?" anatero Ndaziona.

A Nambewe anangogwira pakamwa. "Ana inu mwapha amayi anu." Kenako anayang'ana wamkulu uja. "Nawenso, Gelesomu?"

Gelesomu anatulutsa manja kumbuyo n'kuwaonetsa. "Ayi, azakhali. Mwana wanga atathyoka mkono mu Januwale ndinamubereka kumsana masiku awiri kudutsa m'mapiri, boti ndikuliona. Anthu ananditukwana kuti ndine chitsiru. Tsiku lililonse ndinkaima apa kuliona likuwola, manja akundiyabwa. Koma munati tisagwire, ndipo sindinagwire."

Anagwada pamchenga, anathira ufa kumutu kwa boti. "Abambo, ndine Gelesomu. Tikubwereka boti lanu. Ang'ono anga analakwa chifukwa chokukondani. Amayi musawatenge, tikuwafunabe."

A Nangondo anamasula zala pachitseko paja. "Ngati ayendetse ndi Gelesomu, ndikwezeni."

Injini inatsokomola kawiri, kachitatu n'kulira. Gelesomu anagwira chiwongolero, Yotamu anafungatira amayi ake, Ndaziona anakakhala kumbuyo kwenikweni, khutu lili kumwendo. Mwa onsewo ndi iye yekha amene anaona kaudzu koyera kaja, ndi iye yekha amene anamva bambo ake akuti ndi oyilo uyu sitingafike n'pakati pomwe. Sanauze munthu, nanga kunena kukadathandiza chiyani? Mafunde ankamenya boti, madzi akuwakhavukira kumaso. Anafika pakati, pamene mtunda suoneka uku ndi uku, iye akudikira kumva magiya akukukutana. Mwendo unkangong'ung'udza bwinobwino ngati wokhuta. Patatha maola atatu anagunda mchenga wa tsidya linalo.

A Nangondo anachitidwa opaleshoni masana omwewo ndipo anachira. Dokotala anati akadachedwa ola limodzi lokha, akadangowabweza.

Atakolola, mowa wa chikumbutso unaphikidwa, anthu anameta, ndipo amuna makumi awiri anakokera boti pa zipika. Apo m'pamene a Nambewe anaulula mawu amene mlongo wawo anawasiyira ali pamphasa: boti lisagulitsidwe, lisakhalenso la anthu atatu, chifukwa boti la anthu atatu limawolera padoko. Likhale la mwana mmodzi, amene walisunga.

"Ndiye nenani," anatero a Nambewe. "Walisunga ndani?"

Yotamu anayamba. "Timabowo tija tinali totsekeka ndi ndere ndi nkhono, kawaya kosalowa. Injini ikadapanda kumwa madzi ikadapsa tisanapitirire bango. Amayi akadafera m'boti tikuyandama."

Gelesomu anayankha mosakweza mawu. "Boti lokonzedwa bwino lopanda wokwera n'lachiyani? Tonse atatu tikadagwira, wopepesa akadasowa, ndipo amayi akadafera pachitseko, boti lili poteropo likunyezimira."

Ndaziona sanafune kulankhula, koma anamukakamiza. "Ine ndinapeza matuza atayamba kale. Mwezi umodzi wokha, Yotamu akadapaka penti pa chitsulo chobowoka, ndipo achimwene akadapepesera boti lopanda mwendo."

A Nambewe anapukusa mutu. "Komatu awiri inu mukadapanda kugwira, mwina mlamu wanga sakadadwala n'komwe."

"Mwinanso tikadalikoka mu Novembala muja," anatero Yotamu, "palibe akadagwira mobisa."

Kaya. Ine sindine dokotala, sindinenso sing'anga, musandiyang'ane choncho.

Mkangano uli mkati, Ndaziona anadzuka mwakachetechete. Panali chinthu chimene chinkamusowetsa mtendere chiwolokereni nyanja. Anatenga beseni, analitchera pansi pa mwendo, n'kumasula sikuluwu yapansi, ija yotulutsira oyilo, imene munthu sangaimasule boti lili m'madzi. Ankayembekezera tiyi wamkaka uja.

Munatuluka oyilo watsopano, wonyezimira ngati uchi.

Anaitana alongo ake. "Wasintha oyilo ndani?"

"Ine ayi," anatero Yotamu. "Ndikadasintha bwanji ndili m'madzi ofika m'chifuwa? Mwina madzi aja anangokhazikika pansi."

"Akadakhazikika pansi, bwenzi atayamba kutuluka ndi iwo. Taona wekha, mulibe ngakhale dontho."

Gelesomu anangoonetsanso manja ake aja.

A Nambewe anavula chingwe cha kiyi m'khosi. Kiyi ameneyo sanamuvulepo miyezi isanu, ngakhale posamba. Anatsegula loko, chitseko chinalira, akangaude anali atatchinga pakhomo ponse. Chitini cha oyilo chinali pamalo ake pomwe a Lufeyo anachisiya. Ndaziona anachinyamula, ndipo chinakwera m'mwamba mopepuka, chopanda kanthu. Pamwamba pake panali kansanza kopukutira manja, kopindidwa panayi monga ankapindira bambo ake akamaliza ntchito, ndipo kanali konyowa.

Kunja kunalibe mphepo, koma pakhonde nsembe zija zinalira kamodzi kuti ngwe.

A Nambewe anakhala pansi pakhomo la shedi, kiyi ali m'manja, ndipo mlanduwo sanaugamule tsiku limenelo kapena lotsatira lake. Mpaka lero botilo lili pa zipika, mvula ikuyandikira, msewu ufanso posachedwa, ndipo Nsangalabwi yense akudikira kuti adziwe woliyendetsa.

Tsono inu mwakhala mukumvetsera apa, musangoti kukamwa yasa. A Nambewe apereke kiyi kwa yani? Kwa Ndaziona, amene anayamba kuphwanya lamulo n'kupulumutsa chitsulo? Kwa Yotamu, amene anapala ndi kupaka akulira? Kwa Gelesomu, amene anamanga manja kumbuyo miyezi isanu mpaka manja akewo anakweza amayi ake m'boti? Kapena mukuti boti limeneli mwiniwake sanalisiye, ndipo amene alandire kiyiyo azidzayenda ndi munthu wina kumbuyo kwake?